Mutu ukakula sulewa nkhonya, ngakhale pa ngozi za kuntchito

Zaka zingapo zapitazo ndinkagwira ntchito pa fakitale ina yodula ndi kupinda malata, chakummawa kwa Johannesburg kuno, kumene mafakitale andandana mpaka kukalowa ku Germiston. Panali makina ena odulira zitsulo amene mpeni wake umatsika ukangoponda chopondera cha pansi. Kutsogolo kwa mpeniwo kunali chotchinga cha waya choletsa dzanja kufika pangozi. Chotchingacho chinkachedwetsa ntchito, chifukwa tizidutswa ting'onoting'ono tinkavuta kulowetsa. Mwezi wina maoda anachuluka, ndipo tsiku lina m'mawa tinapeza chotchinga chija chitamasulidwa, achitsamiritsa kukhoma kuseri kwa kompuresa. Palibe anafunsa. Tonse tinkadziwa kuti lole ya kasitomala ikubwera Lachisanu.

Lachitatu masana mpeni uja unadula zala zitatu za mnzanga wa kwathu kunyanja, bambo wa ana awiri, munthu wosamala kwambiri pa ntchito yake. Tisanamalize n'komwe kumukulunga dzanja ndi malaya, kapitawo anali atatuma kale mnyamata wina kukoka paipi ya madzi kudzatsuka makina. Wina anatumidwa kukatenga chotchinga chija n'kuchimangiriranso pamalo pake. Mnzangayo anamukweza kumbuyo kwa baki, ndipo kapitawo, amene analinso Mmalawi, anamunong'oneza kuti, "Achimwene, mukakafika kuchipatala mukanene kuti mwavulalira kunyumba. Mukatchula kuno akufunsani mapepala, ndiye vuto likhala lanu." Madzulo ake manejala anatsika ndi fayilo yaikulu, n'kutionetsa pepala limene mnzathu anasaina tsiku loyamba ntchito. Pepalalo linkanena kuti waphunzitsidwa, ndipo wauzidwa kuti asamagwiritse ntchito makina opanda chotchinga.

Mwini kampani sitinamuone sabata yonseyo. Komatu ndi iyeyo amene anavomera oda yoposa mphamvu ya makina athu, ndi iyeyo amene anakana kugula makina achiwiri, ndipo ndi iyeyo amene ankafunsa manejala madzulo alionse kuti tadula malata angati. Kapitawo sanachotse chotchinga chifukwa chodana ndi zala za mnzake. Anachichotsa chifukwa ankadziwa funso limene limabwera kuchokera kumtunda, ndiponso funso limene silibwera.

Ngozi zambiri zimene zimatilumaza ndi kutipha pantchito zimayambira pa tebulo la bwana wamkulu, pamene pamagawidwa ndalama, pamaikidwa tsiku lomalizira ntchito, ndiponso pamasankhidwa kontirakitala wotchipa. Malamulo a dziko lino la South Africa amazidziwa zimenezi, ndipo anamutchula munthuyo mosapita m'mbali. Ambiri a ife sitidziwa, n'chifukwa chake timalandira msanga mawu akuti "unalakwitsa wekha" n'kubwerera kuchipinda kwathu ndi bandeji.

Lamulo lalikulu pa nkhaniyi ndi Occupational Health and Safety Act, nambala 85 ya 1993. Gawo 8 la lamuloli limati wolemba anthu ntchito aliyense akonze ndi kusamalira malo antchito kuti akhale otetezeka ndi osaika thanzi la antchito pachiswe, mpaka pamene n'zotheka kutero. Koma kampani ndi dzina lolembedwa pa pepala basi, ilibe maso oonera chotchinga chimene chatsamira kukhoma. Choncho gawo 16 limaloza munthu weniweni, mkulu woyendetsa kampani, uja kuno timangoti CEO, n'kunena kuti iyeyo aonetsetse kuti maudindo onse a kampani pa lamuloli akukwaniritsidwa. Ndime yachiwiri ya gawo lomwelo imamulola kugawira ntchitoyi anthu amene ali pansi pake, koma imanenetsa kuti kugawako sikumuchotsera udindo kapena mlandu. M'mafakitale ndi m'malo omanga mudzamva akuti "uyu ndi 16.2 wathu", kutanthauza manejala amene anasainitsidwa kalata yoti aziyang'anira chitetezo. Mabwana ambiri amaganiza kuti kalata imeneyo ikasainidwa, katundu wachoka pamutu pawo. Sanachoke. Ngakhale m'boma, mkulu wa dipatimenti amawerengedwa ngati CEO pa lamuloli.

Pali ndime ina m'gawo 8 imene ndimalakalaka ikanalembedwa pageti la fakitale iliyonse. Imati wolemba ntchito ayambe wachotsa kapena kuchepetsa choopsacho asanathamangire ku zovala zodzitetezera. Ife tinazolowera kuganiza kuti chitetezo ndi chipewa cholimba, majombo a chitsulo kutsogolo, magolovesi ndi kamalaya konyezimira. Zimenezo ndi zomalizira. Golovesi singaimitse mpeni wodula lata. Kansalu ka pamphuno sikangalimbane ndi fumbi la simenti la tsiku lonse m'chipinda chopanda mawindo. Choyamba ndi makina otchingidwa, mpweya woyenda, sikafolodi yomangidwa ndi munthu wodziwa, magetsi ozimitsidwa ndi kukhomedwa loko munthu asanalowetse dzanja m'makina. Zonsezi zimafuna ndalama ndi nthawi, ndipo wantchito wamba alibe ulamuliro pa ndalama kapena pa nthawi. Ngakhale zovala zomwezo, lamulo limati ziperekedwe ulere. Gawo 23 limaletsa kudula malipiro a munthu chifukwa cha zinthu zimene wolemba ntchito akuyenera kupereka pa chitetezo. Ndikudziwa abale ambiri amene mwezi woyamba anadulidwa ndalama ya majombo ndi ovololo n'kuthokoza kuti bola ntchito yapezeka.

Nanga pepala lija mnzanga anasaina? Pamenepa lamulo linaona patali. Gawo 37 limati wantchito akachita chinthu chimene chikanakhala mlandu kwa wolemba ntchito, mlanduwo umagweranso wolemba ntchitoyo, pokhapokha atasonyeza kuti sanalolere kapena kutsinzinira dala, kuti chinthucho chinali kunja kwa ntchito ya munthuyo, ndiponso kuti anachita zonse zoyenera kuti chisachitike. Kenako limawonjezera kuti kungopereka lamulo loletsa, pakokha, si umboni wokwanira wakuti anachita zonse zoyenera. Ndiye kuti siginecha ya munthu amene anasaina mapepala khumi a Chingerezi ataimirira pageti, tsiku limene ankaopa kuti akachedwa malo atenga wina, siimutsuka bwana m'manja. Ngati chotchinga chinakhala kukhoma masiku atatu, manejala akudutsa pomwepo m'mawa ndi madzulo, kumeneko ndiko kutsinzinira dala.

Kutsuka makina kuja nakonso kunali kuphwanya lamulo. Gawo 24 limati munthu akamwalira, akakomoka, akaduka chiwalo kapena mbali ya chiwalo, kapena akavulala moti sangagwire ntchito masiku 14, nkhaniyo ikanenedwe kwa insipekitala wa Department of Employment and Labour. Ndipo pamene munthu wafa kapena waduka chiwalo, malowo asasokonezedwe popanda chilolezo cha insipekitala, kupatula pothandiza wovulalayo kapena poletsa ngozi ina. Ife tinaimirira n'kumaonerera madzi ofiira akutsikira mu ngalande, osadziwa kuti umboni wa mnzathu ndi umene ukupita.

Wina anena kuti ndikukondera. Anena kuti antchito nafenso tili ndi mbali yathu, ndipo n'zoona. Ndaonapo munthu akukwera padenga Lolemba m'mawa mowa wa dzulo usanatheretu m'mutu. Ndaonapo mnyamata atavala lamba wodzimangirira pamwamba koma chingwe chake chikulendewera osakoledwa paliponse, chifukwa choti chikumuchedwetsa. Gawo 14 limatipatsa nafenso udindo wosamala moyo wathu ndi wa anzathu, womvera malangizo a chitetezo, ndi wonena tikaona choopsa. Zimenezo sindikuzikana. Koma funsani kuti ndani analola munthu wonunkha mowa kudutsa pageti, ndani anaika kapitawo mmodzi kuyang'anira anyamata 40 m'nyumba zitatu, ndani amalipira potengera kuchuluka kwa malata amene akhomedwa pa tsiku. Lamulo lomweli limati ntchito ichitike moyang'aniridwa ndi munthu wophunzitsidwa kuzindikira zoopsa zake, wokhalanso ndi mphamvu zoonetsetsa kuti njira zotetezera zikutsatidwa. Kapitawo wopanda mphamvu yoimitsa ntchito ndi mlonda wopanda wenzulo. Munthu amalakwitsa, amatopa, amaiwala. Ntchito ya amene ali pamwamba ndi kukonza malo moti kuiwala kwa kanthawi kochepa kusadye dzanja la munthu.

Enanso amati bwana wamkulu sangakhale paliponse, ndipo kampani ya anthu 3,000 singayendetsedwe ndi maso awiri. N'zoonanso. Palibe akumupempha kuti azimanga yekha mabawuti a sikafolodi. Koma bwana yemweyo amadziwa tsiku lililonse ndalama zimene zalowa m'nthambi iliyonse, ngakhale ili ku Durban iye ali ku Sandton. Anakhazikitsa njira yoti manambala amenewo azimupeza. Ngati sadziwa kuti makina angati akuyenda opanda zotchinga, n'chifukwa choti sanafune kuti nkhani imeneyo izimufika. Lamulo linamupatsa kale makutu. Pamalo pamene pali antchito oposa 20 payenera kukhala oimira antchito pa za chitetezo, mmodzi pa anthu 50 alionse, kapena mmodzi pa 100 m'masitolo ndi m'maofesi. Oimirawo akakhala awiri kapena kuposerapo, payenera kukhala komiti yokumana kamodzi kapena kuposerapo pa miyezi itatu iliyonse, ndipo zimene yalangiza zilembedwe. Pambuyo pa ngozi ya mnzanga ndinasankhidwa kukhala woimira anzanga pa kampani ina, ndipo ndinaona kuti zonse zimadalira amene wakhala pampando wa kumutu kwa tebulo. Kukabwera kalaliki wotumidwa, madandaulo athu ankangosamuka kuchoka pa pepala la mwezi uno kupita pa la mwezi wa mawa. Tsiku limene mmodzi wa madairekitala anakhala nawo n'kumva yekha kuti foloko yonyamulira katundu ilibe mabuleki, inakonzedwa sabata yomweyo.

Ife Amalawi nkhaniyi si yachilendo. Agogo athu ankabwera ku Joni kudzera ku Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi, n'kubwerera kumudzi ndi njinga, wailesi ndi chifuwa chosamva mankhwala. Fumbi la miyala ya m'migodi ya golide linkadziwika kalekale kuti limaumitsa mapapo. Kulichepetsa kunkafuna madzi, mpweya ndi ndalama, ndipo zimenezo sizinkagamulidwa ndi munthu wogwira chibooleracho pansi pa nthaka. Panapita mibadwo kuti makampani a migodi avomere kulipira. Mu 2019 khoti lalikulu kuno ku Johannesburg linavomereza mgwirizano wa R5 biliyoni, ndipo kunakhazikitsidwa Tshiamiso Trust yolipira amene anadwala silicosis, matenda a m'mapapo obwera ndi fumbi lija, ndi TB ya m'migodi, kuphatikizapo ochokera ku Malawi. Ambiri anali atagona kale kumanda. Mu April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown ku Botswana n'kupha anthu oposa 70, ambiri mwa iwo Amalawi obwerera kwawo, ndipo Kamuzu anaimitsa zotumiza anthu ku migodi kwa kanthawi. Pa 16 September 1986, ku mgodi wa Kinross, anthu 177 anafa ndi utsi wa poizoni pamene moto wa owotcherera unayatsa thovu la pulasitiki limene linamatidwa m'makoma a njira za pansi. Amene anasankha kumata chinthu choyaka chotero pansi pa mgodi sanali wowotcherera, koma palibe bwana amene anapezeka wolakwa pa imfa za anthuwo. Pa 10 May 1995, ku Vaal Reefs, sitima ya pansi inagwera m'chitsime cha mgodi n'kuphwanya chikepe chonyamula anthu, ndipo anafa 104. Chaka chotsatira kunabwera Mine Health and Safety Act ya 1996, imene imapatsa wa mumgodi ufulu wochoka pamalo pamene akuona kuti ndi poopsa. Malamulo amenewa anagulidwa ndi mitembo.

Masiku ano ambiri a ife sitili m'migodi. Tili pa zomangamanga, m'mafakitale, m'makhitchini a malesitilanti, m'minda ya maluwa ya ku Fourways ndi ku Randburg, m'nyumba za anthu. Ndipo njira yatsopano yozembera udindo ndi kuunjika makontirakitala. Mwini nyumba amapereka ntchito kwa kampani yaikulu, iyo imagawira yaing'ono, yaing'onoyo imapatsa munthu wa baki, wa bakiyo amatola anyamata pa mphambano m'mawa kuti akagwire ganyu. Munthu akagwa kuchokera pa nsanjika yachitatu, aliyense amaloza amene ali pansi pake, mpaka chala chimakathera pa wakufayo. Komatu Construction Regulations za 2014 zinayambira kumtunda. Zimati mwini ntchito, amene akulipira kuti nyumba imangidwe, aunike zoopsa ntchito isanayambe, alembe zofunika pa chitetezo, aonetsetse kuti kontirakitala waika ndalama zokwanira za chitetezo mu mtengo wake, atsimikize kuti kontirakitalayo analembetsa ku thumba la chipukuta misozi cha ovulala pantchito ndipo alibe ngongole kumeneko, ndiponso aimitse ntchito ngati ikuika anthu pangozi. Munthu amene wasankha mtengo wotsikitsitsa akudziwa kuti pa mtengo umenewo sipangatuluke sikafolodi yabwino wasankha ngozi ndi manja ake. Ngakhale amene anabwera kudzera kwa ma labour broker, makampani olemba anthu n'kuwatumiza kukagwira ntchito kwina, adziwe kuti pa lamulo la chitetezoli, udindo uli pa kampani imene akugwirako ntchito tsiku ndi tsiku.

Tonse tikukumbukira za ku George, tauni ya ku Western Cape. Pa 6 May 2024 nyumba ya nsanjika imene inkamangidwa pa Victoria Street inagwa anthu 62 ali pantchito, ndipo 34 anafa. Ambiri anali ochokera kunja, Amalawi ali m'gulumo. M'magulu athu a WhatsApp munadzaza zithunzi za anyamata amene abale awo ankawafunafuna. Kuno kwathu ku Johannesburg, pa 14 October 2015, zitsulo zogwiriziza mlatho wa anthu oyenda pansi umene unkamangidwa pa Grayston Drive zinagwera pa msewu wa M1, n'kupha anthu awiri ndi kuvulaza 19. Kafukufuku wake anatenga zaka. Pa 5 September 2018 nyumba ya Bank of Lisbon pakati pa tauni inapsa, ndipo ozimitsa moto atatu anafa. Munali maofesi a boma la Gauteng, kuphatikizapo a zaumoyo, ndipo akuluakulu a boma anavomera okha kuti nyumbayo inkakwaniritsa 21 peresenti yokha ya zofunika pa chitetezo. Nambala imeneyo inalipo moto usanabuke. Wina anaiwerenga, n'kusiya anthu kuti azikwerabe m'mwamba m'mawa uliwonse.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi kuchepa kwa chilango. Pa gawo 38 la lamulo la 1993, milandu yambiri chindapusa chake sichiposa R50,000 kapena chaka chimodzi kundende. Wolemba ntchito akavulaza munthu mwa kusasamala, malire ake ndi R100,000 kapena zaka ziwiri. Kwa kampani yomanga nyumba ya mamiliyoni mazanamazana, R50,000 ndi ndalama ya simenti ya m'mawa umodzi. Pamene wafa munthu, a boma akhoza kutsegula mlandu wopha munthu mosasamala, koma ndi kangati tamva kuti dairekitala wagona kundende chifukwa wantchito wake wafa? Mu 2021 boma linatulutsa bilu yosintha lamuloli kuti anthu aperekepo maganizo, ndipo munali zindapusa zofika R5 miliyoni. Ku Britain anakhazikitsa lamulo lapadera mu 2007 loti kampani iimbidwe mlandu wopha munthu ngati imfayo yabwera chifukwa cha mmene akuluakulu ake amayendetsera zinthu. Ine ndikuona kuti dziko lino likufunika zonse ziwiri, chindapusa chopweteka ndi mlandu wofika pa munthu amene anagamula. Bwana amene amalandira bonasi ntchito ikatha msanga alandirenso samani ikatha ndi maliro. Walira mvula walira matope.

Kuchepa kwa chilangoku kumalemera kwambiri tikakumbukira kuti wantchito sangasumire bwana wake kukhoti kuti amulipire pa kuvulala. Lamulo la chipukuta misozi, Compensation for Occupational Injuries and Diseases Act ya 1993, limene timangoti COIDA, linatseka njira imeneyo m'gawo 35, n'kuika m'malo mwake thumba limene olemba ntchito amasonkhako. Wantchito sadulidwa kanthu pa thumba limeneli. Ngozi ikachitika, wolemba ntchito ayenera kuinena pasanathe masiku 7. Munthu akakhala kuti sangagwire ntchito kwa kanthawi amalandira magawo 75 pa 100 a malipiro ake, ndipo miyezi itatu yoyamba amalipira ndi bwana, n'kukaitanitsa ndalamayo ku thumba. Thumbalo limalipiranso chipatala, ndipo munthu akalumala kapena kumwalira pamakhala malipiro a iye kapena a banja lake. Gawo 56 limalola kupempha chipukuta misozi chowonjezera ngati ngozi inabwera chifukwa cha kusasamala kwa bwana kapena manejala. Ndipo kontirakitala akakhala kuti sanalembetse, antchito ake amawerengedwa ngati a amene anamupatsa ntchitoyo. Zonsezi zimayamba ndi chinthu chimodzi, kuti ngoziyo ilembedwe kuti inachitikira kuntchito. Mnzanga uja atanena kuchipatala kuti wavulalira kunyumba, anadzitsekera yekha chitseko chimene chinatenga nthawi yaitali kuti chitsegukenso.

Mantha a mapepala ndi enieni, ndipo sindingawapeputse. Koma tidziwe kuti amene akuopa kwambiri tsiku la ngozi ndi bwanayo, chifukwa kulemba ntchito munthu wopanda pemiti ndi mlandu wake pa Immigration Act ya 2002, kusalembetsa ku thumba ndi mlandu wake, kubisa ngozi ndi mlandu wakenso. Akamati "vuto likhala lanu" amakhala akutchinjiriza mutu wake. Malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense ali ndi ufulu wochitiridwa chilungamo pantchito, ndipo sananene kuti nzika zokha. Mu 2008 khoti la za ntchito linagamula kuti mlendo amene pemiti yake inatha akadali wantchito pamaso pa lamulo. Gawo 26 la lamulo la chitetezo limaletsanso kuchotsa munthu ntchito, kumudula malipiro kapena kumutsitsa chifukwa choti wapereka uthenga kwa insipekitala. Alongo athu ogwira ntchito m'nyumba adziwenso kuti pa 19 November 2020 khoti lalikulu kwambiri la dziko lino, Constitutional Court, linagamula kuti nawonso ali pansi pa COIDA, pa mlandu wa Mahlangu, umene unayamba mayi wina wantchito atamira mu dziwe losambira la bwana wake ku Pretoria mu 2012. Kuyambira pamenepo, madamu amene mumawachapira ndi kuwasitira ndi wolemba ntchito woyenera kulembetsa monga ena onse.

Tsopano ndilankhule ndi a kwathu amene Mulungu wawadalitsa kuno. Alipo Amalawi amene anayamba ndi kunyamula ndowa ya matope, lero ali ndi makampani awo opaka penti, oika matailosi, owotcherera mageti, okonza madenga. Ndimanyadira nawo. Koma tsiku limene mwalemba mnyamata woyamba, ngakhale ndi mphwanu amene mwamuitanitsa kuchokera ku Mzimba kapena ku Machinga, gawo 8 lija likulankhula ndi inu, ndipo mukalembetsa kampani, gawo 16 ndi lanu. Nthawi zina ife ndi amene timazunza abale athu kuposa mabwana achilendo, chifukwa timadziwa kuti mwana wa mlongo wathu sangatisumire, ndipo akavulala tidzangomukweza basi ya ku Park Station n'kumutumizira kangachepe miyezi iwiri. Akamwalira timayendetsa mbale m'tchalitchi, kumzikiti ndi m'magulu a pafoni kuti bokosi lidutse Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza, ndipo bwana uja amapereka zambiri kuposa onse, anthu n'kumamuyamika. Mkazi wa malemuyo sadziwa kuti kukanakhala kulembetsa, iye ndi ana akanalandira chithandizo cha thumba kwa zaka.

Lamulungu lina titaweruka, ndinafunsa m'bale wina wa mumpingo amene ali ndi anyamata 8 opaka penti ngati anawalembetsa ku thumba. Anaseka pang'ono n'kunena kuti, "Abambo, ife ndife ang'onoang'ono, zimenezo n'za makampani akuluakulu. Ndalama zake ndizitenga kuti, makasitomala akungolira mtengo?" Ndinamumvetsa. Makasitomala a m'mayadi amafuna munthu wotchipa, ndipo akaona mtengo wa sikafolodi pa pepala amaitana wina amene abwera ndi makwerero awiri omangidwa pamodzi ndi waya. Koma lamulo silinaike malire a kukula kwa kampani pa udindo umenewu. Antchito akaposa 5 payenera kukhala bokosi la thandizo loyamba, akaposa 10 payenera kukhala munthu wophunzitsidwa kupereka thandizolo. Ndinamupempha kuti ayambe ndi zimene angathe sabata yomweyo: apite ku Labour Centre, ofesi ya boma ya za ntchito, akalembetse, aleke kukweza anyamata pa makwerero olumikiza, aike mtengo wa sikafolodi padera pa pepala kuti kasitomala aone yekha chimene akukana, ndipo auze anyamata ake pamaso pa anzawo kuti amene wakana kukwera pamalo poopsa sadulidwa tsiku. Anati aganizapo. Lolemba lake anali ndi nyumba ya nsanjika ziwiri yoti apake ku Randburg, ndipo mnyamata wokwera pamwamba anali mwana wa mchimwene wake, amene anafika kuno mwezi wathawu.